Malinga akale a m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu: kuwerenga dothi limene latsala

Nthawi yabwino yoonera linga lakale ndi mu Seputembala kapena Okutobala, moto utadutsa, phiri lili lupsa lokhalokha. Tsekera akakhala wamtali, munthu atha kuponda pamwamba penipeni pa linga osazindikira kanthu. Koma udzu ukapsa, dzuwa n'kukhala likungotuluka kapena litapendeka, mthunzi umaulula zimene masana amabisa: kamtumbira kakatali kozinga nsonga ya phiri ngati nkhata, ndipo kunja kwake kuli kachigwa kosaya koyenda nako limodzi. Kamtumbirako kawirikawiri sikafika m'chiuno, pena kamalekeza m'mawondo. Penapake nkhatayo imaduka, n'kusiya mpata wa mapazi awiri kapena atatu, kenako n'kupitirira. Pampata pamenepo panali chipata.

Dothi limeneli ndi umboni wolemera kuposa maonekedwe ake. Mbiri ya mafumu akuluakulu a zaka za m'ma 1800 inalembedwa, mayina awo timawadziwa. Koma anthu wamba amene anathawira kuphiri ndi ana kumsana, mbuzi ndi mitsuko, sanasiye kalata iliyonse. Chimene anasiya ndi mtumbira ndi ngalande. Munthu wodziwa kuyang'ana angawerengepo kuchuluka kwa anthu amene anakhalapo, mbali imene ankayembekezera adani, ndi chimene ankachiopa kwambiri, ndipo zonsezi angazidziwe osakumba ngakhale khasu limodzi.

Mawu akuti linga amatanthauza mudzi wotchingidwa chifukwa cha nkhondo, osati mpanda wamba wotchinga mbuzi. Ku Nkhotakota dzinali lidakalipo pa malo amene panali mudzi wa Jumbe, wamalonda a minyanga ndi akapolo. M'zigwa za Lilongwe ndi madera oyandikira, makoma ochindikala a dothi lokhalokha ankatchedwa machemba. Paphiri, pamene dothi ndi lochepa ndipo miyala ili paliponse, anthu ankasakaniza: pena mtumbira wa dothi, pena miyala yosanja popanda matope, pena thanthwe lenilenilo n'kukhala khoma.

Chimene chinawakweza kuphiri

Mchewa sakonda kumanga pansonga ya phiri. Mudzi wake umafuna madzi pafupi, dambo la dimba ndi msipu, ndi nthaka yolimika. Taonani Mankhamba, likulu la a Kalonga a ufumu wa Maravi: linali kuchigwa, ku Mtakataka, ndipo zimene katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi anafukula kumeneko, monga mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi mapale a mbale zochokera ku China, zikusonyeza mudzi wotsegukira amalonda. Choncho mukaona bwinja pamwamba pa phiri louma, funso loyamba n'lakuti: chinawathamangitsa kumadzi n'chiyani?

Kuno kwathu yankho lagona m'zaka za pakati pa 1860 ndi 1896. Angoni a Maseko, amene anali atadutsapo kale dziko lino n'kukafika ku Songea ku Tanzania, anabwerera motsogozedwa ndi Chidyaonga n'kukhazikika ku Domwe cha m'ma 1870, phiri limene lili tsidya la Mozambique koma loyandikana ndi Dedza. Pambuyo pake panabwera Chikuse, amene anamwalira mu 1891, kenako nkhondo ya pachiweniweni pakati pa Gomani ndi Kachindamoto. Kuchokera kunyanja kunkakwera magulu a mafumu a Chiyao, monga Mponda, Pemba ndi Tambala, okhala ndi mfuti za gogodera, ofuna minyanga ndi akapolo. Midzi ya pakati inapanikizika mbali zonse ziwiri. David Livingstone atafika kwa Chinsamba pafupi ndi mtsinje wa Linthipe mu 1863, anapeza mudzi wa m'linga umene unali utangobweza kumene gulu la Mazitu, dzina limene panthawiyo linkaperekedwa kwa Angoni ndi ena omenya nkhondo mofanana nawo. Podutsanso m'mapiri ano mu 1866 anaona midzi yozingidwa ndi mipanda ya nkhadze.

Apa tisafulumire kugawa anthu pawiri, Achewa m'kati, Angoni kunja. Magulu ankhondo a Angoni anadzaza ndi anyamata ogwidwa m'midzi ya Achewa ndi Antumba, ndipo kunali malinga amene ankapereka msonkho wa chakudya kwa Angoni n'kusiyidwa mumtendere. Lero ku Ntcheu banja limodzi lingathe kukhala ndi agogo amene anali pamwamba pa mtumbira ndi agogo ena amene anali m'munsi mwake. Linga ndi mbiri ya onsewo.

Mmene linkamangidwira

Ntchito inkayamba ndi kusankha malo, ndipo pamenepa ndi pamene nzeru za omanga zimaonekera. Phiri lalitali ngati la Dedza, la mamita 2,198, ndi pothawira pa tsiku la tsoka, osati pomanga mudzi wokhalitsa. N'kozizira ndipo minda ili kutali. Ankafuna kaphiri kapena mphuno ya phiri yokhala ndi malo athyathyathya pamwamba, mbali ziwiri kapena zitatu zili phompho, n'kutsala khosi limodzi lofikirapo. Pakhosi pamenepo ndiye pankagwa ntchito yaikulu. N'chifukwa chake malinga ambiri sakhala nkhata yathunthu: kumbali ya phompho mtumbira umachepa kapena kusowa, kumbali yofikirika umakula, pena n'kukhala mizere iwiri. Mukapeza pamene mtumbira wanenepa kwambiri, mwapeza kumene maso awo ankayang'ana.

Ngalande ndi mtumbira ndi ntchito imodzi. Dothi lochoka m'ngalande ndi lomwe limaunjikidwa m'kati, ndiye khasu limodzi likuzamitsa kunja n'kukweza m'kati nthawi yomweyo. Dothi loyamba kukumbidwa, lakuda la pamwamba, limagona pansi pa mtumbira, ndipo katondo wofiira ndi nsangalabwi za pansi pa ngalande zimathera pamwamba. Mtumbira wopangidwa ndi anthu umakhala wogadabuzika chotere, mosiyana ndi nthaka yachilengedwe, ndipo pamene madzi kapena njira ya ng'ombe yaudula, kusanjikizana kumeneku kumaoneka ndi maso.

Tiyeni tiwerengere linga laling'ono, la mamita 60 kuchoka mbali ina kufika mbali ina. Kuzungulira kwake ndi pafupifupi mamita 190, ndipo m'kati mwake simukwana ekala imodzi. Ngalande ikhale ya mamita 2 kukamwa, yozama mita imodzi ndi theka, yosongoka pansi. Dothi lotuluka mmenemo limalemera matani oposa 400, ndiye kuti madengu oposa 20,000 a makilogalamu 20 lililonse. Anthu 40, aliyense akatuta madengu 60 pa tsiku, amaliza pa masiku pafupifupi 9, nthaka ikakhala yofewa. Ndi ntchito yoti mudzi umodzi ungaithe pakati pa kukolola ndi kusosa, popanda mfumu yaikulu yolamula anthu zikwizikwi. Chovuta chinali makasu, chifukwa khasu la chitsulo cha m'ng'anjo linali chuma, ndipo pa nthaka ya miyala limatha msanga. Pamalo otere ngalande imasaya, miyala n'kulowa m'malo mwa dothi.

Mtumbira pawokha sutchinga munthu. Dothi lothira silingaime chilili. Limatsetsereka mpaka litapendekeka pafupifupi madigiri 30 kapena 35, ndipo mnyamata wamphamvu amakwera pamenepo akuthamanga. Mphamvu ya linga inali pa zimene zinkaimikidwa pamwamba pake. Ankazika nsichi mothithikana, n'kuzimanga ndi mbaliro ndi luzi, pena n'kuphoma ndi dothi mbali zonse ziwiri, kusiya timabowo toponyera mivi. Pa mamita 190, nsichi zisanu pa mita iliyonse, pafunika mitengo pafupifupi 950, osawerengera ya nyumba ndi nkhokwe. Nkhalango yozungulira inkatha, koma kumeneko kunalinso kupindula, chifukwa mdani ankasowa pobisala. Tsopano phatikizani: mita ndi theka ya ngalande, mita imodzi ya mtumbira, mamita awiri a nsichi. Munthu woima pansi pa ngalande ali ndi mamita oposa anayi pamutu pake, dzanja lina lagwira chishango, lina nthungo.

Kunja kwake kunkabwera nkhadze. Imamera ndi nthambi yongozika, mbuzi siziidya kwenikweni, siyaka msanga, ndipo utomoni wake ukalowa m'maso munthu saonanso kwa maola ambiri. Woitema ndi nkhwangwa amadzithira yekha. Mpanda wa nkhadze umatenga zaka zingapo kuti uthithikane, choncho linga lokhala ndi nkhadze zakale m'mphepete mwake linali mudzi wokhalitsa, osati pothawira pa usiku umodzi.

Chipata ndiye panali pofooka, ndipo omanga ankadziwa. Chinkakhala chopapatiza, cholowa munthu mmodzi ataweramira, chotsekedwa ndi mipiringidzo yolowetsa pakati pa mizati iwiri. Mwina nsonga ziwiri za mtumbira zinkapitirirana, ina kulowa kuseri kwa inzake, kuti wolowa akhote ndi kuonetsa mbali imene ilibe chishango. Chishango chimagwiridwa kumanzere, ndiye njira yokakamiza munthu kuyenda khoma lili kudzanja lake lamanja imamusiya pambalambanda. Mukaona nsonga zopitirirana chotere, musakayike kuti ndi chipata cheni cheni, pamene mpata wongodulidwa molunjika, dothi lake litamwazikira m'ngalande, kawirikawiri ndi njira ya ng'ombe kapena ya ngolo ya masiku ano.

Chifukwa chake linkagwira ntchito, ndi pamene linkalephera

Nkhondo ya Angoni inali ya pafupi: kufika mbandakucha, kuzinga mudzi, kulowa ndi nthungo yaifupi ndi chibonga. Pabwalo poyera palibe amene ankalimbana nayo. Koma linga linkachotsa zonse ziwiri zimene nkhondoyo inkadalira, kudzidzimutsa ndi kuyandikira. Wokwera phiri amaoneka ali kutali, amafika atatopa, ndipo pangalande amaima, pomwe muvi ndi mwala wogubuduza zimamupeza. Gulu lobwera kudzalanda silinkanyamula chakudya cha mwezi wathunthu. Linga likapirira masiku angapo, nthawi zambiri adani ankapita kukafuna mudzi wosavuta.

Mdani wamkulu anali ludzu. M'linga la mamita 60 mungalowe nyumba 20 kapena 25 ndi nkhokwe zake, anthu ngati 100. Aliyense akagwiritsa ntchito malita 5 okha pa tsiku, kumwa ndi kuphika, ndi malita 500, mitsuko 25 ya malita 20, tsiku lililonse, osawerengera ziweto. Kasupe akakhala kunja kwa mpanda, adani ankangokhala pamenepo n'kudikira. N'chifukwa chake pofufuza linga tiyenera kufunafuna madzi ake: kasupe m'khwawa, mphako ya pathanthwe yosunga madzi a mvula, kapena kanjira kobisika kotsikira kumtsinje. Linga lopanda madzi pafupi linali pothawira chabe, eni ake ankagona kumunsi masiku a mtendere.

Chachiwiri chinali minda. Chimanga, mapira ndi mawere sizikanalowa m'linga, ndipo amayi opita kumunda kapena kotunga madzi ndi amene ankagwidwa. Chachitatu moto: madenga a udzu othinana m'malo ochepa, mphepo ya Okutobala ikuwomba, muvi umodzi wamoto unkakwana. Onjezanipo anthu, mbuzi ndi dzala pamalo amodzi, mudziwa chifukwa chake matenda a m'mimba ndi nthomba zinkalowa m'malinga mosavuta kuposa adani.

Mapeto ake anabwera ndi mizinga. Mu Disembala 1895 linga la Mlozi, wamalonda a akapolo ku Karonga, lamakoma a mitengo ndi dothi, linagumulidwa ndi mizinga ya asilikali a boma la atsamunda. M'zaka za 1895 ndi 1896 anagonjetsedwanso Mwase ku Kasungu ndi Tambala kuno ku Dedza, ndipo mu Okutobala 1896 Gomani Chikuse anaphedwa ku Ntcheu. Chaka chomwecho mishoni ya Nkhoma inakhazikitsidwa m'munsi mwa phiri limene anthu a mfumu Mazengera ankakhalapo pothawa nkhondo. Anthu anayamba kutsika, kubwerera kumadzi. Malinga ambiri sanagwetsedwe ndi mdani; anangosiyidwa.

Zimene zaka zimachita pa dothi

Nsichi ndiye zimayamba kupita. Chiswe chimazimaliza m'zaka zochepa, ndipo zina eni ake anazizula potsika. Chotsala ndi dzenje lodzala dothi lakuda m'kati mwa katondo wofiira, looneka pokhapokha akatswiri atapala pamwamba mosamala. Kenako mvula imagwira mtumbira, kuukokolola mbali zonse, ndipo milomo ya ngalande imagumukira m'kati. Akatswiri a ku England anayesa zimenezi mwadala: mu 1960 anamanga mtumbira ndi ngalande ku Overton Down, n'kumadulapo patapita zaka 2, 4, 8, 16 ndi 32 kuti aone kusintha. Anapeza kuti kugumuka kwakukulu kumachitika m'zaka zoyambirira, ngalande n'kutambasuka kukamwa n'kusaya, kenako udzu ukagwira zonse zimakhazikika kwa nthawi yaitali. Kuno mvula imagwa yamphamvu m'miyezi yochepa pa nthaka yopsereza, choncho gawo loyambalo limathamanga kwambiri. Tanthauzo lake n'lakuti kachigwa kofika m'mawondo lero kangakhale ngalande imene inkameza munthu mpaka m'khosi, ndipo pansi pake penipeni padakali posungika, pokwiririka.

Moto umene unawononga mudzi ndi umenenso umasunga umboni wake. Dothi lophomera khoma likapsa limauma ngati njerwa, n'kusunga zidindo za nsichi ndi mbaliro. Zibuma zotere zikakhala zambiri pamzere wa mtumbira, mpandawo unali wophoma ndipo unapsa. M'kati mwa linga yang'anani malo ozungulira osalazidwa, a mamita atatu kapena anayi, pamene panali nyumba. Miyala yoikidwa m'magulu yonyamulira nkhokwe. Mphero ndi mwanamphero. Maenje osalala pathanthwe operera. Ndi dzala, dothi lotuwa la phulusa lodzala mapale ndi mafupa, pamene udzu umabiriwira kuposa pena ponse.

Kupeza zaka za linga ndi ntchito imene anthu amalakwitsa kwambiri. Lamulo lake ndi losavuta: chimene chili pansi pa mtumbira ndi chakale kuposa mtumbirawo, ndipo chimene chili pansi penipeni pa ngalande chinagweramo ngalandeyo itangokumbidwa kumene. Chimene chili pamtunda sichinena kanthu za khoma. Mapale a m'dziko muno anagawidwa m'mitundu yotchedwa ndi mayina a malo amene anapezeka koyamba: Nkope, wochindikala milomo, wa alimi oyambirira osula chitsulo, Kapeni, wotchedwa ndi dzina la phiri la ku Ntcheu, Mawudzu, wa nthawi ya Amaravi, ndi Nkhudzi, wa zaka za m'ma 1700 ndi 1800. Phiri limodzi lingakhale ndi mitundu iwiri kapena itatu, chifukwa malo abwino anthu amabwererapo. Ku Chongoni zimenezi zimaoneka poyera: pa malo 127 a zojambula pamiyala amene bungwe la UNESCO linawavomereza mu 2006 kukhala chuma cha dziko lonse lapansi, pali mapanga amene zojambula zoyera za Achewa zili pamwamba pa zofiira za Akafula. Choncho kutola phale la Kapeni m'linga sikutanthauza kuti lingalo ndi la nthawi ya Kapeni. Okumba ngalande mu 1875 akanatha kufukula phale limenelo n'kuliponya pamtumbira limodzi ndi dothi.

Njira ya radiocarbon, yoyeza zaka za makala, mbewu ndi mafupa, imathandiza kwambiri pa zinthu zakale zedi, koma ili ndi chilema pa nthawi imene ikutikhudzayi. Chinthu chilichonse cha pakati pa 1650 ndi 1950 chimapereka zotsatira zofanana, moti makina sangasiyanitse bwino 1700 ndi 1880. Palinso msampha wa mtengo wakale: khala lochokera pamtima wa mtengo waukulu limanena zaka za mtengowo, osati za moto. Odziwa ntchito amasankha njere zopsa za mapira kapena mawere, kapena chitsononkho, chifukwa izi ndi za chaka chimodzi. Pa malinga a m'ma 1800, mboni zodalirika ndi mikanda yagalasi ya amalonda, zipolopolo ndi timiyala toyatsira mfuti, pamodzi ndi mbiri ya pakamwa. Mbiriyo ifunsidwe kwa akuluakulu angapo, aliyense payekha, makamaka amayi a mbumba ya eni malo. Funso lothandiza si lakuti “chinali chaka chanji?” koma “ndani wa m'banja mwanu anabadwira kuphiriko?” Mukawerenga mibadwo, zaka 25 mpaka 30 uliwonse, mufika pafupi ndi zoona.

Si mtumbira uliwonse uli linga

M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 boma la atsamunda linakakamiza anthu kukumba milambala yoteteza nthaka, nkhani ya malimidwe imene inautsa mkwiyo waukulu ku Ntcheu. Milambala imeneyo lero yakalamba ndipo imanamiza ambiri. Kusiyana kwake ndi uku: mlambala umatsata mulingo umodzi wa phiri, umabwera m'mizere yambiri yotalikirana mofanana kutsika phiri lonse, ndipo ngalande yake kawirikawiri ili kumtunda kwa mtumbira kuti igwire madzi. Ngalande ya linga ili kunja, kumunsi, kuti igwire munthu. Linga limakweranso ndi kutsika potsata pofooka, silisamala za mulingo wa madzi.

Khola lakale la ng'ombe limasiya nkhata nalonso, koma lilibe ngalande, ndipo m'kati mwake muli dothi lofewa lotuwa la ndowe. Matutu a kalimidwe kakale ndi timilu tambirimbiri tosalumikizana. Mbuna za alenje ndi maenje apaokha. M'nkhalango za paini za Dedza ndi Chongoni muli misewu yotchinga moto ndi njira zokokera mitengo, zowongoka kuposa chilichonse chimene khasu la makolo linapanga. Zomera nazo zimanena: khonje anafika kum'mawa kwa Africa m'zaka za m'ma 1890, choncho mpanda wa khonje kapena mzere wa bulugama ndi malire a nthawi ya atsamunda kapena pambuyo pake, pamene nkhadze zikuluzikulu zotsata mtumbira zimagwirizana ndi linga.

Kulemba popanda kukumba

Poyamba pitani kwa amfumu. Mabwinja ambiri ali ndi manda, ena ali pafupi ndi dambwe, ndipo kulowa popanda chilolezo ndi mlandu komanso kutseka pakamwa pa anthu amene akanakuuzani mbiri yake. Mukaloledwa, yendani mtumbira wonse kawiri musanalembe kanthu, kamodzi pamwamba pake, kamodzi m'ngalande.

Zida zake n'zopezeka: tepi ya mamita 30 kapena 50, chingwe, zikhomo, levulo ya pachingwe yonga imene alangizi a zaulimi amayezera akalozera, ndi pepala la mabokosi. GPS ya pafoni ndi yabwino polemba pamene linga lili, koma imaphonya ndi mamita 3 mpaka 5, ndiye singajambule mtumbira wa mamita anayi. Kokani chingwe chowongoka kudutsa pakati pa linga, muike chikhomo pa mamita 10 aliwonse, ndipo pa chikhomo chilichonse yezani mopingasa kufika pamsana pa mtumbira ndi pakati pa ngalande, mbali zonse ziwiri. Pojambula, sentimita imodzi iimire mamita 5. Linga la mamita 60 likhala masentimita 12, lokwana bwino papepala. Ikani muvi wosonyeza kumpoto. Kenako sankhani malo atatu, pamene mtumbira wakula, pamene wachepa, ndi pafupi ndi chipata. Pamalo aliwonse kokani chingwe chopingasa kuchoka m'kati mpaka kunja kwa ngalande, chilungamitseni ndi levulo, muyeze kuchoka pachingwe kufika pansi pa masentimita 50 aliwonse. Cholakwika chofala ndi chingwe chogwa pakati. Musachitalikitse kupitirira mamita 10, ndipo chikokeni zolimba. Zithunzi zijambulidwe m'mawa kwambiri kapena madzulo, munthu kapena ndodo ya mita imodzi itaima m'ngalande. Chithunzi cha masana chimaonetsa phiri losalala.

Mapale, mikanda ndi mphero zijambuleni pomwe zili n'kuzisiya. Phale lochotsedwa pamalo pake lataya theka la zimene likananena. Ndipo musakumbe. Mphekesera za chuma chokwiriridwa m'mapiri zabowola mabwinja ambiri, koma m'linga la anthu othawa nkhondo mulibe golide. Muli phulusa, mapale ndi dothi losanjikizana, ndipo kusanjikizanako kukasokonezeka sikubwereranso. Lamulo la Monuments and Relics Act la 1990 limaletsa kufukula zakale popanda chilolezo, ndipo limafuna kuti wopeza zinthu zotere adziwitse boma. Nthambi yoyang'anira ndi Department of Museums and Monuments, ndipo uthenga ungadzere ku ofesi ya DC.

Chimene chikumaliza malinga lero si mvula ayi, koma khasu. Minda ya kachewere ndi chimanga yakwera mpaka pansonga, ndipo mtumbira umene wapirira zaka 140 umasalala m'nyengo zitatu kapena zinayi za kugalauza mizere. Oumba njerwa amaukonda chifukwa ndi dothi lokumbakumba kale. Ophwanya miyala amayamba ndi yosanjidwa, popeza ndi yosavuta kunyamula. Kumene kukumangidwa nsanja ya foni, nsonga yonse imasalazidwa tsiku limodzi.

Kuteteza sikulira ndalama zambiri. Mudzi ugwirizane kusiya mamita 5 osalima kunja kwa ngalande ndi m'kati mwa mtumbira. Udzu waufupi ndiye chofunda chabwino. Mbuzi zochepa zimathandiza, koma ng'ombe zodutsa pamalo amodzi tsiku ndi tsiku zimadula mtumbira, ndipo madzi saiwala khwawa: akapeza mpatawo amaukulitsa chaka ndi chaka. Pamene padulika kale, tsekani ndi nthambi ndi miyala yochokera kwina, osati ya m'linga momwemo, ndipo dothi lokwirira lichokere kunja. Mitengo ing'onoing'ono yomera pamtumbira idulidwe pansi, isazulidwe, chifukwa muzu umatuluka ndi dothi lonse la umboni. Mtengo waukulu ukagwa ndi mphepo umang'amba dzenje loposa mita. Paini ndi bulugama zisabzalidwe pamenepo. Vetiva ndi wabwino potchinga kukokoloka, koma mizu yake imalowa pansi mamita awiri kapena atatu, choncho abzalidwe kumunsi, kunja kwa malire a mamita 5 aja. Ngati kutentha sikungapeweke, kuchitike mu Meyi kapena Juni udzu usanaumitsitse, kuti mizu itsale yamoyo ndipo mvula yoyamba ya Novembala isapeze mtumbira uli dothi lokhalokha.